Kulosera kapena kupenekera? Mawu okambira za mphoto za olemba masewero a pa kanema

Mafunso a ulendo uno achokera kwa owerenga amene amatsatira mphoto za Emmy, zija zinayamba kuperekedwa ku Los Angeles m'dziko la America mu 1949. Onse akufunsa za mbali ya olemba masewero a pa wailesi ya kanema, makamaka mmene tinganenere m'Chichewa za wopambana pamene mwambo usanachitike.

Funso: Ndikamatchula munthu amene ndikuona kuti atenga mphoto, ndinene kuti ndikulosera, ndikuneneratu kapena ndikuombeza?

Kuombeza kusiyeni, kumeneko ndi kwa sing'anga ndi ula wake. Kuneneratu ndi kunena chinthu nthawi yake isanafike, basi. Tsinde lake ndi -nena, ndipo -ratu akungosonyeza kuti mwachita zinthu pasadakhale, monga mu "kulipiriratu" ndi "kuphikiratu". Bungwe likalengeza tsiku la mwambo, laneneratu, silinalosere. Mawu amene mukufuna ndi kulosera. Kale anali a alosi okha, koma lero a zanyengo amalosera mvula poona mitambo ndi mphepo, ndipo tanthauzo limeneli ndi limene likukwanira pano: kunena zam'tsogolo mutaona zizindikiro. Ngati zizindikiro mulibe, mukungotchula sewero limene linakusangalatsani, nenani chilungamo kuti mukupenekera.

Zizindikirozo ndi ziti? Choyamba, dziwani ovota. Ku Television Academy, bungwe limene limapereka mphotozi, mphoto ya sewero lonse amavotera mamembala a mbali zonse, koma ya kulemba amavotera olemba okhaokha. Chachiwiri, mphoto ya kulemba kawirikawiri imapita kwa gawo limodzi la sewero (kachidutswa koonetsedwa tsiku limodzi), osati sewero lonse, choncho wolosera ayenera kutchula gawolo. Chachitatu, onani amene anapambana m'mbuyomu: Jesse Armstrong anatenga mphoto imeneyi kanayi ndi sewero la Succession, kamodzi pa chigawo chilichonse cha sewerolo (magawo a chaka chimodzi). Amene anamutchula ulendo wachinayi anali ndi poponda, analoseradi.

Funso: Ndinalemba kuti "a Armstrong apambana", wina n'kundiyamikira kuti ndabweretsa nkhani yabwino, chonsecho mwambo unali usanachitike. Ndinalakwitsa pati?

Vuto lili m'kalembedwe kathu, chifukwa sitilemba kukwera ndi kutsika kwa mawu. Pakamwa, "apambana" wa zimene zachitika kale ndi "apambana" wa zimene zichitike posachedwa amamveka mosiyana, koma papepala ndi amodzi. Mukanena za munthu mmodzi popanda ulemu, kusiyana kumaoneka: "wapambana" ndi zachitika, "apambana" ndi zikubwera. Mukangoika "a" waulemu kutsogolo kwa dzina, kusiyanako kwathawa. Mankhwala ake ndi kuwonjezera mawu a nthawi kapena a maganizo: "a Armstrong apambana kale", kapena "ndikuona kuti a Armstrong apambana usiku uno". Pa nkhani ya usikuwo samalaninso. Mwambo ukayamba 5 koloko madzulo ku Los Angeles mu September, ku Malawi imakhala 2 koloko usiku, tsiku litasintha kale, ndiye tchulani kuti "Lamlungu madzulo nthawi ya ku America".

Ponena zam'tsogolo ndi pamene Chichewa chili ndi chuma, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona olemba ambiri akugwiritsa ntchito mneni mmodzi yekha. "Adzapambana" ndi mawu a munthu wotsimikiza, wonena za tsiku lakutali. "Akuyembekezeka kupambana" akutanthauza kuti anthu ambiri otsatira nkhaniyi akuloza kwa iyeyo. "Akhoza kupambana" ndi "atha kupambana" akunena kuti mpata ulipo. "Angapambane" ndi ofooka kuposa onsewa, ndipo kawirikawiri amafuna "mwina" kutsogolo kapena "ngati" pambuyo. Sankhani malinga ndi kulemera kwa umboni wanu.

Taonani zimene zinachitika pa 15 September 2024. Sewero la Shōgun linatenga mphoto 18 chaka chimenecho, kuphatikizapo ya sewero lonse, ndipo linali ndi magawo awiri pa mndandanda wa olemba. Koma mphoto ya kulemba inapita kwa Will Smith, wolemba wa ku Britain (osati katswiri wa mafilimu wa ku America uja), chifukwa cha gawo la Slow Horses. Sewero likakhala ndi magawo awiri pa mndandanda umodzi, olikonda amatha kugawikana, mavoti n'kumwazika. Amene analemba kuti "Shōgun idzapambana" anachita kumeza mawu ake; amene analemba kuti "ikuyembekezeka kupambana, koma magawo ake awiri angalandane mavoti" sananame. Ndipo poti bungweli sililengeza kuchuluka kwa mavoti a aliyense, ngakhale pofotokoza chifukwa chimene wina wagonjera muyenera kuyamba ndi "mwina".

Kanthu kena kakang'ono: mukayamba ndi "amene", mneni wa m'tsogolo amathera ndi -e. Timati "amene adzapambane", "gawo limene lipambane". Siyanitsaninso "amene apambane" ndi "woyenera kupambana". Woyambayo ndi ulosi wanu, wachiwiriyo ndi chiweruzo chanu pa luso la wolembayo, ndipo nthawi zambiri amakhala anthu awiri osiyana.

Funso: Mu July amalengeza mayina a anthu amene alowa mu mpikisano. Kodi ndinene kuti "asankhidwa"?

Mukatero owerenga aganiza kuti zatha, chifukwa kwathu wosankhidwa ndi amene wapambana chisankho. Nenani kuti "walowa m'gulu la opikisana" kapena "dzina lake lili pa mndandanda wa opikisana". Mukafunabe "kusankhidwa", malizitsani: "wasankhidwa kuti apikisane nawo". Masitepe ake ndi atatu ndipo lililonse lili ndi mawu ake. Sewero limayenera kuonetsedwa pakati pa 1 June ndi 31 May kuti liloledwe; limenelo "lili ndi mwayi wolowa". Mu July "lalowa pa mndandanda". Pa mwambo "lapambana" kapena "lagonja".

Potchula chaka, musangoti "Emmy za 2024", chifukwa chaka chimenecho mwambo unachitika kawiri. Wa 2023 unasunthidwa kufika pa 15 January 2024 kaamba ka sitalaka ya olemba ndi ya ochita masewero. Olemba a bungwe la Writers Guild of America ananyanyala ntchito masiku 148, kuyambira pa 2 May 2023. Tchulani mwezi. Bungwe la olembali lilinso ndi mphoto zakezake, choncho musaziphatikize ndi Emmy pongoti "mphoto za olemba".

Funso: Cholondola n'chiti, "mlembi wa sewero", "wolemba sewero" kapena "olemba sewero"?

"Mlembi" si cholakwa, koma amakumbutsa mlembi wa komiti kapena wa chipani, ndiye "wolemba sewero" amamveka msanga. Pakati pa wo- ndi o-, lamulo ndi losavuta ngakhale likuphwanyidwa tsiku ndi tsiku pa intaneti: wo- ndi wa munthu mmodzi, o- ndi wa anthu ambiri kapena wa ulemu. Michaela Coel, amene mu 2021 anakhala mayi woyamba wachikuda kutenga Emmy ya kulemba sewero la chigawo chimodzi, ndi "wolemba wopambana". Gawo likalembedwa ndi anthu atatu, amenewo ndi "olemba opambana". "Munthu opambana" ayi. Onaninso kuti zambiri za sewero ndi masewero. Masewera ndi a mpira ndi bawo. Kachidutswa koonetsedwa tsiku limodzi ndi gawo, monga timanenera pa masewero a pa wailesi, ndipo magawo a chaka chimodzi tingawatche chigawo, bola mufotokoze koyambirira kwa nkhani yanu n'kusunga mawu omwewo mpaka kumapeto.

Funso: Mphoto ndi mphatso n'chimodzi? Nanga "kuwina" n'kololedwa?

Mphatso amakupatsa mwa kufuna kwake woperekayo. Mphoto umaigwirira ntchito. Emmy ndi mphoto, ndipo mgwirizano wake ndi "mphoto ya" ikakhala imodzi, "mphoto za" zikachuluka. Ena amalemba "mphotho". Sankhani kalembedwe kamodzi. "Kuwina" ndi "kuluza" anakhazikika pocheza ndipo aliyense amawamva, koma m'nkhani yolembedwa "kupambana" ndi "kugonja" amakhala bwino. Chenjerani ndi chinthu chotsatira mneniyo: "wapambana anzake asanu" ndiye kuti wawaposa, pamene "wapambana mphoto" ndiye kuti waitenga. Mukafuna kunena zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi, lembani kuti "waposa anzake asanu n'kutenga mphoto".