Calm ndi bata kapena kufatsa?

Achemwali, mwati mwana wanu wa Folomu 1 wabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti atanthauzire liwu lakuti calm m'Chichewa. Inu mwamuuza kuti ndi kufatsa, alamu akukakamira kuti ndi bata, ndiye mukufuna gulu lino liweruze. Nonse mwalasa, kungoti aliyense walasa nyama yakeyake. Mzungu amatenga liwu limodzili n'kuliveka nyanja, munthu, mzinda, ngakhale kayankhulidwe. Ife timayamba tafunsa kuti chimene chili calm n'chiyani, kenako n'kusankha liwu lake. Choncho mwanayo abweretse chiganizo chonse chimene aphunzitsi alemba. Popanda chiganizocho mlanduwu suweruzika.

Ndiyambe ndi mbali ya alamu, poti ine ndinakulira kunyanja, ku Senga Bay, ndipo bata ndinalidziwa ndisanadziwe Chingerezi. Kuyambira cha mu May mpaka August kumakhala mwera, mphepo yochokera kummwera, yozizira, yokhoza kuomba masiku angapo osapumira. Mabwato onse amawakokera kumtunda, makoka ali pamchenga, usipa pamsika wakwera mtengo. Tsiku lina mumadzuka m'mamawa n'kumva kuti china chake chasowa, mkokomo wa mafunde uja kulibe. Mukafika kudooko, madzi angoti phee, bwato likudzionera lokha chithunzi chake m'madzimo, phokoso lokhalo ndi la nkhafi ya munthu amene ali kutali. Malemu agogo anga aamuna sankayang'ana n'komwe madziwo. Ankayang'ana utsi wa amayi owamba nsomba, ukakwera choongoka osapendekera mbali, iwo amvekere, lero kwagwa bata, kankhani bwato. Nditakula ndinadzamva kuti nawonso a zanyengo amaonera utsi womwewo. Muyeso wa mphepo umene anakonza Francis Beaufort, mkulu wa zombo wa ku Britain, mu 1805, umayambira pa 0 kulekeza pa 12, ndipo pa 0 penipenipo dzina lake ndi calm, chizindikiro chake n'chakuti utsi umakwera choongoka. Ndiye ngati chiganizo cha mwanayo chikunena za nyanja, mphepo kapena nyengo, alamu apambana. Tamverani mneni wake: bata limagwa. Sitinena kuti bata labwera panyanja ngati mlendo, timati lagwa, kapena nyanja yachita bata. Amene mumapita kutchalitchi mukukumbukira pa Marko 4, Yesu atadzudzula mphepo, Baibulo lathu lakale limati kunagwa bata lalikulu. Anthu akunyanja liwuli saliseweretsa, chifukwa amadziwa mnzake wa bata. Sitima ya Vipya inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja yomweyi mu July 1946, anthu 145 anapita.

Musasokoneze ndi nsapato za Bata zimene tinkavala popita kusukulu zija. Limenelo ndi dzina la munthu, Tomáš Baťa, amene anayambitsa kampaniyo ku Zlín mu 1894. Tili ana tinkaganiza kuti ndi Chichewa.

Tsopano mbali yanu. Kufatsa ndi khalidwe, munthu amabadwa nako kapena amakula nako. Mwana wofatsa, ng'ombe yofatsa, mpongozi wofatsa. Mzungu akanena kuti uje ndi munthu wa calm masiku onse, kufatsa kukhoza kulowa. Koma ine ndikadakhala wochonga, ndikadakupatsani theka la malikisi, chifukwa liwu limene limagwira bwino calm wa munthu ndi kudekha. Kusiyana kwake kumaonekera pa tsiku la mavuto. Mwana wagwera pamoto, nyumba yonse ikukuwa, wina akuthamangira mafuta ophikira, wina mankhwala otsukira mano. Ndiye pamapezeka mayi mmodzi amene sakweza mawu, amangoti bweretsani madzi ozizira, thirani apa, musaleke, iwe pita ukaitane njinga. Mayi ameneyo ndi wodekha. Mwina masiku onse ndi wolongolola, pamsika amakangana ndi ogulitsa tomato mpaka anthu kuunjikana, palibe angamutche wofatsa. Ndipo wofatsa uja, amene sayankha munthu chiyambire, ukhoza kumupeza ali pakona akunjenjemera, mutu utaima. Wofatsa akhoza kukhala wamantha, wodekha amakhala kuti mantha ali nawo koma wawakhalira. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, sanati n'kufatsa, chifukwa kudekha kuli ndi kudikira mkati mwake, kudziletsa dala kuti uone bwino.

Palinso kudikha, kwa madzi, monga madzi odikha a mu Salimo 23. Mukatunga madzi amatope n'kuwasiya mu ndowa, matope amakhala pansi, pamwamba pamayera. Ndikuganiza kuti chithunzi chomwechi ndi chimene chili m'mawu athu akuti khazikani mtima pansi. Mtima ukavunduka umakhala m'mwamba, ndiye umafunika utsike.

Apa ndiye pamene ana ambiri amalakwitsa, pa calm down. Amalemba kuti fatsani pansi, kapena khalani bata, zinthu zoti palibe amayankhula. Wokwiya timamuuza kuti mtima pansi, kapena ugwireni mtima. Wa nkhawa, amene akudikira zotsatira za mayeso kapena m'bale wake ali kuchipatala, timati khazikani mtima pansi. Wopupuluma timati dekhani. Khanda likamalira sitilidekhetsa, timalitonthoza. Anthu akagwirana malaya timawaleretsa, kenako timadikira kuti mkwiyo uphwe, ngati chotupa. Zonsezi m'Chingerezi akhoza kugwiritsa liwu limodzi lomwe lija. Ndikuchenjezeninso kuti calm down si mawu oti mwana auze munthu wamkulu. Ngakhale kwa eni akewo amapweteka, amamveka ngati ukumuuza munthuyo kuti akuchita zachibwana. Ndinayesapo kamodzi kuuza mayi a kunyumba kwanga, ndiwo zitapserera ine nditaiwala kuphula, ndipo sindinabwerezenso.

Tilinso ndi timawu tathu timene Chingerezi chilibe: phee, zii, chete, duu. Si tofanana. Phee ndi kusagwedezeka, zii ndi kusowa phokoso ndi anthu omwe, monga pamsika Lamulungu madzulo kapena pamudzi maliro atangotha. Duu ndi munthu amene wafunsidwa funso koma wasankha kusayankha. Mwana akalemba chimangirizo cha Chichewa, timawu timeneti timamupatsa malikisi kuposa kumangobwereza bata mzere uliwonse.

Chimene ndikufuna ndikhalepo pang'ono ndi bata la dziko, poti apa m'pamene liwuli lili ndi mbiri yake kwathu kuno. Amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikukumbukira kuti ankayankhula m'Chingerezi pamisonkhano, womasulira ali pambali, poyamba a John Msonthi, kenako a John Tembo. Mawu amene sankasowa pakamwa pake anali peace and calm, law and order. M'Chichewa tinkamva bata ndi mtendere, ndipo mawu awiriwa anakwatirana mpaka lero, moti andale, apolisi ndi abusa amawatchula ngati liwu limodzi. Koma si amodzi. Bata ndi zimene maso akuona ndi makutu akumva: palibe akuthamanga, palibe akugenda, mashopu ndi otsegula. Mtendere uli mkati, ndi pamene ulibe chokuopsa ndipo ulibe naye chifukwa mnzako. Zaka zimene zija bata linalipo lokwanira, ukanatha kuyenda usiku kuchokera ku Limbe mpaka ku Ndirande. Koma anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo m'basi ukafuna kutchula dzina la mkulu wina unkayamba wacheuka. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo mu March 1992, zinadziwika kuti pansi pa bata lija panali zambiri zosayankhulidwa, ndipo pa 14 June 1993 anthu anavotera zipani zambiri. N'chifukwa chake mukamva pawailesi kuti bata labwerera mumzinda pambuyo pa zionetsero, womasulirayo walondola, chifukwa Chingerezi chake chimakhala calm. Akadati mtendere wabwerera akadanama. Ngakhale m'banja zimachitika, anthu awiri osayankhulana sabata yathunthu, nsima ikudyedwa mwa chetechete. Aneba amati pakhomo paja pali bata.

Za kumene liwuli linachokera, ngati aphunzitsi angafunse. Angerezi analitenga ku Chifalansa, ndipo muzu wake uli ku Chigiriki, kauma, kutanthauza kutentha kwa dzuwa. Poyamba zimadabwitsa kuti kutentha kukugwirizana bwanji ndi bata. Koma pitani ku Chikwawa mu October, dzuwa lili paliwombo. Mbuzi zagona pansi pa mtengo, nkhuku zayasamula kukamwa, tsamba ngakhale limodzi silikugwedezeka, anthu onse ali pamthunzi. Nthawi imeneyo, pamene chilichonse chaima chifukwa cha kutentha, ndi imene inabala liwuli.

Mumuuzenso katchulidwe. Chilembo cha l sachitchula, amati kaam, osati kalimu monga tinkawerengera ife kupulayimale mpaka aphunzitsi kutikwapula. Ndipo malaya aja olembedwa Keep Calm amene adzaza pa kaunjika, mawuwo anachokera pa chikwangwani chimene boma la Britain linasindikiza mu 1939 pokonzekera nkhondo, pofuna kuuza anthu kuti bomba likagwa asabalalike, apitirize ntchito. Pamenepo Chichewa chake ndi dekhani, osati fatsani.

Ana a masiku ano aliwonjezeranso ntchito ina. Mdzukulu wanga wobadwira ku London ndinamulembera pa WhatsApp kuti ndalama ya mphatso yake ichedwa, iye anangoyankha kuti calm. Ndinakhala ndikudzifunsa kuti kodi mwanayu akundiuza kuti ndidekhe ine agogo ake? Amayi ake ndiwo anandimasulira kuti kwa achinyamata a kumeneko liwuli limangotanthauza kuti palibe vuto, zili bho. Limeneli mwana wanu asalembe pa mayeso.

Ndiye mukope mwake alembe motere: nyanja, mphepo kapena mzinda, bata, munthu pa nthawi ya zovuta, kudekha, khalidwe la masiku onse, kufatsa, kuuza munthu, khazikani mtima pansi. Aike chitsanzo chimodzi pa lililonse. Aphunzitsi akakakamira kuti akufuna liwu limodzi lokha, alembe bata, ndipo inu achemwali muugwire mtima, alamu akamadzitama madzulo ano.