Kodi makina a mphepo angadaliridwe popereka magetsi m'dera lonse?

Bambo, mwafunsa ngati malo amodzi opangira magetsi kuchokera ku mphepo angathandizedi dera lalikulu poti mphepo siuzidwa nthawi yoomba, ndipo mwanenanso kuti mwina ndalamazo zikanangopita kukamanga madamu. Nkhawa yanu ndi yomveka, koma malo otere sayezedwa paokha ngati jenereta ya pakhomo. Phindu lake limaoneka akalumikizidwa ndi magwero ena a magetsi, ndipo zimene zinachitika ku Kenya zikusonyeza bwino zimenezi.

Kufupi ndi Nyanja ya Turkana, m'dera la Marsabit, anaimika makina 365 amene onse pamodzi amatha kutulutsa mamegawati 310 (megawati ndi muyezo wa mphamvu ya magetsi). Malowo anawasankha chifukwa mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imapanikizika pakati pa mapiri a Kulal ndi Nyiro, n'kumaomba mwamphamvu pafupifupi chaka chonse. Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yakuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu ndi katatu, choncho malo awiri amene munthu angawaone ngati ofanana amatha kusiyana kwambiri pa magetsi amene amatulutsa. Makina ambiri a pamtunda amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene akanatulutsa akanamazungulira mwamphamvu chaka chonse, pomwe a ku Turkana amapitirira theka. Mapiko amayamba kupukusa magetsi mphepo ikafika mamita atatu kapena anayi pa sekondi, ndipo ikafika cha m'ma 25 makinawo amadziimitsa okha, mapikowo n'kutembenukira cham'mbali kuti mphepo izingodutsa osathyola kanthu.

Chimene chinawapweteka a ku Kenya sichinali mphepo ayi, koma mawaya. Makina onse anali ataimikidwa pofika 2017, koma mzere wa mawaya wa makilomita opitirira 400 wochoka ku Loiyangalani, kufupi ndi makinawo, kukafika ku Suswa, kumene umalumikizana ndi mawaya a dziko lonse, unachedwa, kampani ya ku Spain imene inkaumanga itagwa m'mavuto a zachuma. Kwa nthawi yoposa chaka makinawo anangoima, mphepo ikungoombera pachabe, ndipo malinga ndi mgwirizano dziko linayenera kulipira magetsi amene sanafike m'nyumba ya munthu aliyense. Magetsi anayamba kuyenda mu Seputembala 2018. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene anthu amalakwitsa kawirikawiri: amasilira nsanja zazitali ndi mapiko, n'kuiwala kuti malo a mphepo yabwino nthawi zambiri amakhala kutali ndi mizinda ndi mafakitale.

Za madamu mwanena zija, ziwirizi sizipikisana, zimathandizana. Mphepo ikamaomba bwino, oyendetsa magetsi amachepetsa madzi olowa m'makina a padamu, madziwo n'kutsala m'damumo. Mphepo ikaleka amatsegula zipata, ndipo m'mphindi zochepa magetsi amakwera. Damu limakhala ngati nkhokwe yosungiramo zimene mphepo yapulumutsa, ndipo m'chaka cha chilala zimenezi zimachepetsa dizilo amene akanawotchedwa. Ku Kenya ntchito imeneyi amaigwira madamu a pamtsinje wa Tana, pomwe nthunzi yochokera pansi pa nthaka ku Olkaria imapereka magetsi osasinthasintha usana ndi usiku. Ku Suswa komweko n'kumene umathera mzere wina waukulu wochokera ku Ethiopia, umene unayamba kubweretsa magetsi mu 2022. Nalo dziko la Denmark limapeza kuposa theka la magetsi amene limapanga kuchokera ku mphepo popanda kuthimathima, chifukwa ndi lolumikizidwa ndi Norway, Sweden ndi Germany. Mphepo ikachuluka amagulitsa, ikachepa amagula a m'madamu a ku Norway.

Sindikubisani kuti vuto lilipobe. Mphepo ya ku Turkana imakula kwambiri usiku, anthu atagona ndipo mafakitale ambiri atatseka, moti nthawi zina magetsi amachuluka kuposa ofunika ndipo ena amakanidwa, ngakhale a ku Olkaria amene. Komanso mphepo ikatsika mwadzidzidzi madzulo, pamene mabanja akuphika ndi kuyatsa nyale, pamafunika makina ena oyembekezera, ndipo kuyembekezerako kuli ndi mtengo wake umene umalowa mu bilu ya wogula. N'chifukwa chake oyendetsa magetsi amadalira zolosera za mphepo ya maola akubwerawo, n'kumakonzeratu damu liti litsegule zipata ndi nthawi yake, komanso kuchuluka kwa magetsi amene aitanitse kuchokera ku Ethiopia tsiku limenelo.