Mphaka wakalamba, impso zatha: timupumitse liti?

Imelo iyi yachokera kwa achemwali ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Mphaka wawo ali ndi zaka 17, a vetenale awauza kuti impso zatha, wasiya kudya, ndipo abambo akunyumba akuti musiyeni afe yekha nthawi yake ikakwana. Funso lawo ndi loti munthu umadziwa bwanji kuti yakwana nthawi yomubayitsa jakisoni womupumitsa. Kumapeto alemba kuti "pepani, ndikudziwa kuti ndi mphaka chabe".

Achemwali, musapepese. Chamoyo chimene mwakhala nacho zaka 17, chagona kumiyendo kwanu, chakuchingamirani pageti tsiku ndi tsiku, mwina chakuonani mukukwatiwa ndi kubereka, mupepesa bwanji chifukwa chochimvera chisoni? Ndikudziwa kumene kupepesako kukuchokera. Kwathu kuno mphaka ndi wogwira makoswe basi, akasiya kugwira ndiye kuti ntchito yake yatha, ndipo ukamukonda kwambiri anthu amayamba kukuyang'ana chammbali, ena mpaka kunong'onezana zaufiti makamaka akakhala wakuda. Ndiye munthu umadwazika mphaka wako mobisa, umalira mobisa, umachedwa kupita kwa dokotala poopa kuti akuseka. Amene amavutika ndi manyazi athuwo ndi mphakayo.

Ine ndinakulira ku Ntcheu ndipo pakhomo pa agogo panali mphaka wamkazi amene analondera nkhokwe zaka zambirimbiri. Atakalamba mano anaguluka, anayamba kukodza m'nyumba, ndiye tsiku lina amalume anamuika m'thumba la feteleza, kumanga kukamwa kwa thumbalo ndi luzi, kuika pakaliyala ya njinga, ulendo kukamutaya kutsidya kwa mtsinje. Ndimakumbukirabe thumbalo likugwedezeka pakaliyala paja. Amalume sanali munthu wankhanza ayi, ankati akumuchitira chifundo posamupha ndi manja awo, ndipo pamudzi ponse panalibe amene anaona chachilendo. Koma mphaka wopanda mano kuthengo adya chani? Anafa ndi njala kapena agalu anamukhadzula, palibenso china.

Mphaka wanga ine anali Mawanga. Ndinamutola ali kamwana pafupi ndi msika, ndinakhala naye ku Blantyre mpaka anakwanitsa zaka 16. Matenda ake anayamba mwakachetechete moti poyamba unkangoti ndi ukalamba. Ankamwa madzi kwambiri, mbale yake ikauma ankapita kubafa kukanyambita m'ndowa, mchenga wake wokodzamo unkanyowa msanga, kenako kuwonda, ukamusisita pamsana mafupa kumawawerenga limodzilimodzi. Dokotala atamuyeza magazi anandionetsa kuti creatinine, chimodzi mwa zoipa zimene impso zimayenera kuchotsa m'magazi, wakwera, n'kundifotokozera kuti impso zili ngati sefa ya ufa, ikabooka madzi amangodutsa koma zoipa zimatsalira m'magazi. Matenda a impsowa ndi amodzi mwa amene amapha amphaka okalamba kwambiri, madokotala amawagawa m'masiteji 4, ndipo sachizika. Chimene umachita ndi kuwachedwetsa. Tinasintha chakudya, dokotala anandiphunzitsa kumuika madzi a dripu pansi pa chikopa chapakhosi kumbuyoku, ndipo zinathandiza ndithu, anabwereranso pakhonde kukawothera dzuwa, kumalira ndikamakazinga usipa. Ndiye musamve ngati ndikunena kuti dokotala akangotchula impso basi mubayitse. Amphaka ena amakhala miyezi yambiri olo zaka akusangalala bwinobwino.

Koma inafika nthawi imene dripu inasiya kugwira. Ankabwera pambale, kununkhiza, kunyambita milomo, kutembenuka. Njala anali nayo koma nseru inkamukaniza. M'kamwa munatuluka zilonda ndipo mpweya wake unkanunkha mkodzo. Anasiya kudzinyambita, ubweya unangoti nyankhalala, mphaka amene kale ankatha theka la tsiku akudzikonza. Ankakhala chogwada pafupi ndi mbale ya madzi mutu atauweramitsa koma osamwa. Usiku ankakabisala kuseri kwa fuliji.

Apa ndipamene alamu anga anabwera kudzacheza n'kunena kuti "mlamu mukutayiranji ndalama, tameki wa kumsika uja amatha nkhani mphindi zochepa". Ndinawayankha mwaulemu poti ndi alamu koma mumtima munawira, ndipo mpaka lero ndikamva munthu akunena zimenezi ndimanjenjemera. Tameki si imfa yachifundo. Nyama imatuluka thovu kukamwa, imatsegula m'mimba, imaphupha, imabanika mpaka kufa ikudziwa chilichonse chimene chikuchitika. Aliyense amene anaonapo galu atadyetsedwa tameki ndi akuba akudziwa zimene ndikunena. Ndipo poti tafika pamankhwala ndinene ichinso, chifukwa ambiri amachita ndi mtima wabwino: Panado musamupatse mphaka, olo theka, olo kachidutswa. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol amene ali mu Panado ngati chathu, piritsi limodzi la 500mg limatha kumupha, nkhope imatupa, nkhama zimasanduka zofiirira, amalephera kupuma. Brufen nayenso amaononga impso zomwe zatha kalezo. Mankhwala aululu oyenera amphaka alipo koma akupatseni dokotala wa ziweto.

Tsono zoti afe yekha. Abambo akunyumbawo ndikuwamvetsa, tinaleredwa kuti moyo mwini wake ndi Mulungu ndipo dzanja la munthu lisafikepo, inenso ndimapemphera. Koma ndikuuzeni mosapsatira kuti ine sindigwirizana nazo. Tikamati afe yekha timaganiza kuti agona usiku m'mawa tidzamupeza atapita, pamene impso sizipha choncho kawirikawiri. Zimapha pang'onopang'ono, kusanza, kuuma thupi, kulephera kuimirira, kudzikodzera pamene wagona, ena mpaka kugwa khunyu kumapeto. Kuthengo nyama yofooka chonchi sichedwa, zilombo zimaimaliza. Ifeyo ndi amene tamufikitsa zaka 17 pomudyetsa ndi kumuteteza, zaka zimene kwa munthu ndi ngati 84, ndiye dzanja lathu lakhala lilipo kuyambira kale. Mbuzi ikathyoka msana palibe amene amati tiisiye ivutike mpaka Mulungu aitenge. Kuima pambali n'kumaonerera nakonso ndi chisankho ndithu, kungoti chimapepukira ife osati iye.

Chinanso chimene chimanamiza anthu, mphaka salira akamamva ululu. Amabisa, ndi chibadwa chake. Kamkonono kaja amachita ukamamusisita sikuti nthawi zonse ndi chisangalalo, amachitanso akamavutika olo akamafa. Ndiye osamadikira kuti adzakuuzani ndi kulira. Anthu ena amakonda kunena kuti tsikulo likafika udzangodziwa wekha, ine ndimakana, chifukwa ambiri amene ndawaona akudikira chizindikiro chimenecho anathamangira kwa dokotala usiku mphaka akuphupha m'katoni. Kufulumira pang'ono, iye akadatha kukuzindikirani, kuli bwino kusiyana ndi kuchedwa.

Zoti muyang'ane

Dokotala wina wa ku America, Alice Villalobos, anakonza sikelo yoyezera moyo wa chiweto chodwala, ya zinthu 7: ululu, kudya, madzi m'thupi, ukhondo, chisangalalo, kuyenda, komanso ngati masiku abwino akuchuluka kuposa oipa. Chilichonse mumachipatsa malikisi kuyambira 0 mpaka 10, ndipo zonse pamodzi zikapitirira 35 ndiye kuti moyo ukadali wopiririka. Ikupezeka pa intaneti. Ine chinandithandiza kwambiri ndi kalendala wapakhoma, madzulo aliwonse ndinkachonga tsiku labwino n'kuthetha loipa, chifukwa mtima umagwira katsiku kamodzi kamene wanyambita msuzi wa nkhuku n'kuiwala masiku onse anasanza. Kalendala saiwala. Lembaninso zinthu zitatu zimene mphaka wanuyo ankazikonda, kaya kukwera pawindo, kaya kukuchingamirani, kaya kugona pabedi, muone ngati akuchitabe olo chimodzi.

Inu mwati wasiya kudya koma simunanene kuti kuyambira liti. Mphaka akatha masiku 2 kapena 3 osadya chiwindi nachonso chimayamba kuonongeka, ndiye musachedwe. Bwererani kwa a vetenale, mukafunse ngati mankhwala oletsa nseru ndi dripu angamudzutse, ndipo mugwirizane kuti muyesa masiku angati. Afunseninso kuti akanakhala wawo akanatani, ambiri amayankha chilungamo ukawafunsa choncho. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, onsewa ndi mabungwe osamalira ziweto, komanso madokotala ena apulayiveti amalola kubwera kunyumba mukawapempha. Akayamba kupuma ndi kukamwa, kapena kugwa khunyu, kapena kulephereratu kudzuka, pamenepo osawerenganso kalendala, ndi tsiku lomwelo.

Mawanga ndinamunyamula m'bulangeti lake lomwe ankagonera. Dokotala anayamba wamubaya jakisoni womugonetsa, thupi linafewa m'manja mwanga, kenako anameta pang'ono pamwendo wakutsogolo n'kubaya wachiwiri mumtsempha. Mankhwala ake ndi pentobarbital, ogonetsa nawonso koma amabaya ochuluka, ubongo umagona kaye kenako mtima umaima, ndipo sizitenga nthawi. Ndikukuuzani izi kuti zisadzakudzidzimutseni: maso amakhala otsegula, nthawi zina amapuma kamodzi mwamphamvu kapena kugwedeza mwendo, mkodzo umatha kutuluka, koma panthawiyo samva kanthu. Dokotala anamvetsera ndi chomvera mtima chija n'kundiuza kuti wapita. Ndinalira pomwepo ndipo palibe amene anandiseka, mnyamata wothandizira anangondipatsa mpando. Ngati mungathe khalanipo, fungo lanu ndi mawu anu ndi zimene akuzidziwa m'chipinda chachilendocho. Ngati mtima sukulolani pakhale munthu wina wapanyumba amene amamuzolowera.

Mukamukwirira pakhomo kumbani dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi, kutali ndi chitsime, muikepo miyala pamwamba, chifukwa mankhwala aja amatsalira m'thupi ndipo galu akafukula n'kudya akhoza kufa nayenso. Ana auzeni zoona kuti anadwala impso ndipo wafa, musawanamize kuti wathawa, amakhala akumufunafuna kuseri kwa nyumba mpaka kalekale.

Za abambo akunyumbawo musakangane nawo ndi mawu. Apempheni akhale pansi madzulo amodzi aone mmene akuchitira pambale ya chakudya, muwaonetse kalendala, ndipo popita kwa dokotala mupite nawo akamve okha. Malinga ndi zimene mwalemba, zaka 17, impso zatha, chakudya akukana, ine ndikanayesa mankhwala a nseru ndi dripu masiku ochepa amene dokotala anganene, akapanda kubwerera pambale ndikanapangana naye tsiku sabata yomweyo. Mundilemberenso mundiuze zimene a vetenale anena.