Za choso cha kuno ku America: shuga woyera, madzi ndi burashi

Achemwali, mwafunsa kuti mungatani kuti mbalame zing'onozing'ono zofanana ndi choso, zimene munaziona pa maluwa a aneba anu mumzinda wa South Bend ku Indiana, zizifikanso kuseri kwa nyumba yanu, komanso ngati kuli bwino kugula madzi ofiira a m'botolo amene masitolo amagulitsa kuti ndi chakudya chake. Mbalamezi eni dziko amazitcha hummingbird, ndipo zimapezeka ku North ndi South America kokha. Zimafanana ndi choso cha kumudzi pa kukonda timadzi ta m'maluwa, koma si pachibale, chifukwa choso chathu nthawi zambiri chimatera kaye pa duwa, pamene izi zimaima m'malere, zikukupiza mapiko pafupifupi ka 50 pa sekondi imodzi, ndipo zimatha kuuluka chafutambuyo. Kuno ku Indiana mtundu umene umaswana ndi wa ruby-throated, umene yamphongo yake ili ndi pakhosi pofiira ndipo kulemera kwake ndi magalamu atatu okha.

Madzi ofiirawo musagule. Tengani kapu imodzi ya shuga woyera wa m'tiyi, musungunule m'makapu anayi a madzi owiritsa, mudikire azizire, basi. Kufiira kumene kumakopa mbalamezi kuli kale pa chomwetsera, kachiwiya kopachika kamene mumathiramo madziwo kuti mbalame zizimwa, ndipo mtundu wothira m'madziwo sizipindula nawo. Chomwetsera chabwinobwino chimagulidwa pa madola 10 mpaka 20, ndipo thumba la shuga la madola atatu kapena anayi limatha kukufikitsani kutali m'chilimwe. Amene amanena kuti muziika uchi chifukwa ndi wachilengedwe ndikuona kuti sanamwetsepo mbalame zimenezi, chifukwa uchi wosungunula umasasa msanga ndipo umameretsa nkhungu zimene zimadwalitsa lilime la mbalame. Shuga wabulawuni nayenso ayi, chifukwa ali ndi ayironi amene matupi awo ang'onoang'onowo sapirira.

Koma chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi kutsuka. Chaka changa chachiwiri ndinagula chomwetsera chachikulu cha galasi, chokhala ndi khosi lopapatiza, n'kuchidzaza mpaka pakamwa poganiza kuti ndachepetsa ntchito, kenako ndinachoka pakhomo sabata yathunthu m'mwezi wa Julaye. Pobwera ndinapeza madzi atachita mbuu, akununkha ngati thobwa logonera, m'timabowo tomwera muli timadontho takuda, nyerere zakufa zikuyandama mkati. Burashi yanga sinalowe m'khosi lija, ndipo mbalame zimene zinkabwera m'mawa uliwonse zinandisiya kwa masabata angapo ngakhale nditaika madzi atsopano. Kuyambira pamenepo ndimagula zomwetsera zooneka ngati kambale, zimene zimatseguka pakati n'kutsukika bwinobwino, ndipo ndimathira madzi ochepa okha. Kukatentha muzisintha madziwo pakapita masiku awiri aliwonse, muzitsuka ndi madzi otentha ndi viniga pang'ono, n'kutsukuluza kwambiri, ndipo otsala muziwasunga mufiriji osapitirira sabata imodzi. Ngati mukudziwa kuti ntchito yanu sikulolani kuchita zimenezi, kuli bwino mungobzala maluwa chomwetsera n'kuchisiya.

Muchipachike pamthunzi, chifukwa dzuwa limasasitsa madziwo mofulumira. Nyerere zimatsika pa chingwe, choncho mugule kakapu kothiramo madzi wamba kamene kamakhala pamwamba pa chomwetsera, ndipo musapake mafuta pa chingwe chifukwa amamata nthenga. Zomwetsera zokhala ndi timaluwa tachikasu zimaitana mavu ndi njuchi. Mudzaonanso yamphongo imodzi itakhala pa nthambi n'kumathamangitsa zinzake zonse ngati kuti shugayo inagula yokha. Mankhwala ake n'kuika chomwetsera china mbali ina ya nyumba kumene singaone.

Pa maluwa, bee balm, cardinal flower ndi coral honeysuckle zimachita bwino kuno. Trumpet vine mbalamezi zimaikonda kwambiri, koma imayanga ndi kuphukira paliponse, moti ngati nyumbayo ndi ya lendi mudzakangana ndi mwini wake. Musapope mankhwala ophera tizilombo m'dimbamo, chifukwa mbalamezi zimadya tizilombo ting'onoting'ono ndi akangaude, zimadyetsa ana awo zomwezo, ndiponso zimamangira zisa ulusi wa kangaude.

Mbalamezi zimafika kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi kuchokera ku Mexico ndi ku Central America, ndipo zina zimawoloka nyanja ya Gulf of Mexico, mtunda wa makilomita pafupifupi 800, osatera paliponse. Musachotse chomwetsera msanga poopa kuti zichedwa kunyamuka, chifukwa chimene chimazinyamutsa ndi kufupika kwa usana. Ine ndimachisiya mpaka pakati pa Okutobala kuti zochedwa zochokera kumpoto zipezeko. Popeza munati muli ndi mphaka, nthawi yonseyi azikhala m'nyumba kuti asagwire mbalamezi.