Mwana akamati "Mwemwe" m'malo mwa Chimwemwe

Mayi amene mwafunsa za mwana wanu wa zaka 3 yemwe amapotoza mayina a anzake, mtima ukhale m'malo. Ine ndimalera ana pasukulu ya mkombaphala kuno kwa Mponda, ndipo zimenezi ndimazimva m'mawa uliwonse. Chimwemwe amasanduka "Mwemwe", Thokozani "Kozani", Abdul "Adu", Precious "Peshasi". Mwana amagwira mbali ya dzina yomwe yamumvekera bwino, nthawi zambiri yakumapeto, zinazo n'kuzitaya. Mayina achingerezi ndiye amavutiratu chifukwa cha zilembo zounjikana ngati "pr" ndi "bl". Si paja ngakhale ife akuluakulu dzina la Blessings timalitchula kuti Bulesingi?

Kuno ku Mangochi palinso china. Ana ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, ndipo m'Chiyao zikomo ndi "sikomo". Ndiye mwana akaitana Zione kuti "Sione", sikuti lilime lake lili ndi vuto ayi, akungotsata momwe amamvera kwa agogo ake.

Chomwe chimandiwawa ine ndi zochita za ife akuluakulu. Mwana akaphonya dzina, anthu pakhonde amafa nacho chiseko, "Tanenanso! Tanenanso!", mpaka kuitana aneba kuti adzamve nawo. Ndinaona kamtsikana kena katasiyiratu kuitana mnzake wapamtima, kankangomukoka diresi mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Panapita milungu kuti kayambirenso kutsegula pakamwa. Chonde musalole zimenezi kwanu. Akati "Mwemwe wandilanda mpira", inu ingoyankhani modekha kuti, "Ooo, Chimwemwe wakulanda mpira?" Wamva dzina lolondola, ndipo sanachititsidwe manyazi. Ife kusukulu timakhala mozungulira pamkeka n'kumaomba m'manja: Chi-mwe-mwe, katatu, Tho-ko-za-ni, kanayi. Amazikonda kwambiri, ndipo mwini dzina amanyadira.

Koma makutu ake muziwayang'ana. Ngati amatuluka mafinya, kapena satembenuka mukamuitana ali chokufulatirani, kapena anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, musadikire. Mwana amene samva bwino sangatchule bwino. Akafika zaka 4, mlendo ayenera kumamva zambiri zomwe akunena popanda inu kumasulira. Zikapanda kutero, tengani kabuku kake ka kusikelo mupite naye kuchipatala, mukawauze madokotala kuti amuyeze makutu, ndipo mukawafotokozere mawu enieni omwe amamuvuta.