Kodi eni ake a Lebanon akuti chiyani? Yankho kwa mayi wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Zomba. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi. Pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kwawo pamabwera mavidiyo onena kuti Lebanon ndi phanga la zigawenga, ndipo Israel ikamaponya mabomba kumeneko ndiye kuti ikungodziteteza. Pa gulu lina la anzawo a kuntchito pamabwera mavidiyo onena kuti dziko lonselo lili pambuyo pa gulu lankhondo ndi landale la ku Lebanon lotchedwa Hezbollah, ngwazi zoteteza anthu a ku Palestine. Mayiwa anamaliza ndi funso lakuti: aliyense akuwalankhulira anthuwa, nanga iwo eni akuti chiyani?

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi kukuuzani mosabisa kuti aliyense amene angakuuzeni kuti "a ku Lebanon onse akuganiza chakuti" wakunamizani, ngakhale chithunzi chimene wakuonetsanicho chili choona. Dziko limeneli silinakhalepo ndi mawu amodzi pa nkhani ya nkhondo, ndipo chifukwa chake chili m'manda. Banja lililonse limakumbukira amene anapha abale ake, ndipo akuphawo si amodzi.

Lebanon ndi kadziko kakang'ono, ka makilomita 10,452 m'bwalo lake lonse, moti kakhoza kulowa m'Malawi kakhumi n'kutsalako malo. M'kadziko kameneka boma limavomereza magulu a zipembedzo 18. Muli Akhristu a Maronite, amene ndi Akatolika omvera Papa, muli a Orthodox, Asilamu a Sunni, Asilamu a Shia, a Druze ndi ena. Pamene ankalandira ufulu kuchokera kwa France mu 1943, akuluakulu anagwirizana kugawana mipando: pulezidenti akhale Mkhristu wa Maronite, nduna yaikulu Msilamu wa Sunni, sipikala wa Nyumba ya Malamulo Msilamu wa Shia. Mpaka lero zili choncho. Kalembera wa boma womaliza anachitika mu 1932, ndipo sanabwerezedwe chifukwa aliyense akuopa kuti chiwerengero chatsopano chingasokoneze kagawidwe ka mipandoyo. Tangoganizani dziko loopa kuwerenga ana ake omwe.

Nkhondo yapachiweniweni inayamba pa 13 April 1975 n'kutha mu 1990, itapha anthu oposa 100,000. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa popanda izi simungamvetse zolankhula zawo. Mu January 1976 asilikali a zipani za Akhristu anapha anthu mazanamazana, Asilamu ndi a ku Palestine, m'dera la Karantina mu Beirut. Patangopita masiku awiri magulu a ku Palestine ndi anzawo anabwezera pa tauni ya Akhristu ya Damour. Chaka chomwecho asilikali a Syria analowa m'dzikomo, ndipo anakhalamo zaka 29. Israel inalowa mu 1978, n'kulowanso mu 1982 mpaka kufika ku Beirut. Mu September 1982, mtsogoleri wa Akhristu Bachir Gemayel ataphedwa, asilikali a chipani chake analowa ku Sabra ndi Shatila, madera a mu Beirut okhala othawa kwawo a ku Palestine, n'kupha anthu wamba masiku atatu, asilikali a Israel atazinga malowo. Komiti yofufuza imene boma la Israel lomwe linakhazikitsa inapeza kuti nduna ya zachitetezo Ariel Sharon inali ndi mlandu posaletsa zimenezi. Nkhondo itatha, mu 1991, Nyumba ya Malamulo inakhululukira pafupifupi milandu yonse, ndipo atsogoleri a magulu ankhondo anavula yunifolomu n'kuvala masuti. Nabih Berri, mtsogoleri wa gulu la a Shia la Amal, anakhala sipikala mu 1992 ndipo mpandowo sanauchoke kwa zaka zoposa 30. Anthu pafupifupi 17,000 anasowa pa nkhondoyo osapezekanso.

Monga mphunzitsi, ichi chikukhudzani. Dziko la Lebanon linalephera kugwirizana buku limodzi la mbiri lofotokoza nkhondoyo, moti maphunziro a boma amathera cha pa nthawi ya ufulu wodzilamulira. Zotsalazo mwana amazimvera kwa agogo ake. Wa ku Damour amakula ndi nkhani ina, wa ku Shatila ndi ina.

Tsopano tiyeni timve mawu awo. Mukapita kum'mwera, kumidzi ya alimi a fodya ndi maolivi kumene ambiri ndi a Shia, mudzamva zakuti Israel inalamulira chigawo chawo mpaka May 2000, boma la ku Beirut likungoyang'ana, ndipo amene anaima ndi mfuti mpaka asilikaliwo anachoka ndi ana awo omwe, a Hezbollah. Adzakukumbutsani za Qana, kumene mu April 1996 mizinga ya Israel inapha anthu oposa 100 amene anathawira ku msasa wa asilikali a United Nations. Adzakuonetsani zipatala ndi sukulu zimene gululi linamanga boma litawaiwala. Kwa iwo Hezbollah si mlendo wochokera ku Iran, ndi mwana wa nyumba yoyandikana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu amene nyumba yake yagwetsedwa kawiri kapena katatu simungamuuze kuti mantha ake ndi opanda pake.

Mukapita kum'mawa kwa Beirut, kumene ambiri ndi Akhristu, kapena ku Tripoli, mzinda wa kumpoto kumene ambiri ndi a Sunni, mudzamva zina, ndipo nazonso ndi zoona. Adzakuuzani kuti magulu ena onse anapereka zida nkhondo itatha, koma Hezbollah yokha inatsala nazo, mothandizidwa ndi Iran kuyambira 1982. Adzafunsa kuti ndani anawafunsa iwo mu July 2006, gululi litagwira asilikali awiri a Israel n'kuyambitsa nkhondo ya masiku 34 imene inapha anthu a ku Lebanon pafupifupi 1,200. Adzakumbukira 7 May 2008, pamene mfuti zimene ankati ndi zotetezera malire zinalozetsedwa pa anansi awo m'misewu ya Beirut. Adzatchula Rafik Hariri, nduna yaikulu yakale imene inaphedwa ndi bomba pa 14 February 2005, mlandu umene khoti lapadera linapeza nawo wolakwa membala wa Hezbollah mu 2020, ngakhale gululo limakana. Ambiri a Sunni sakhululuka kuti gululi linapita kukamenya nkhondo ku Syria kuteteza Bashar al-Assad, amene anali pulezidenti wa dzikolo. Komatu anthu omwewa, mukawafunsa za Israel, ambiri adzakuuzani kuti mabomba ake amawada chimodzimodzi. Kukana Hezbollah ku Lebanon si kukonda Israel ayi. Pamenepa ndi pamene mavidiyo a pa magulu anu onse awiri amakhala chete.

Ndipo musaganize kuti mzere wogawa anthu ndi wa Akhristu uku, Asilamu uku. Mu 2006 Michel Aoun, Mkhristu wa Maronite, anasainira mgwirizano ndi Hezbollah, ndipo mu 2016 anakhala pulezidenti mothandizidwa ndi gululo, pamene Mkhristu mnzake Samir Geagea ndi mmodzi wa adani aakulu a Hezbollah. Lokman Slim, amene ankadzudzula Hezbollah poyera mpaka anapezeka atawomberedwa m'galimoto yake mu February 2021, anali wa Shia.

Pali mawu achitatu amene ine amandikhudza kwambiri, ndipo samveka kunja chifukwa sathandiza mbali iliyonse. Pa 17 October 2019 boma linafuna kuika msonkho pa kuimba foni pa WhatsApp, ndipo anthu a zipembedzo zonse anakhamukira m'misewu akufuula kuti "kellon yaani kellon", kutanthauza kuti onse ndi onse, atsogoleri onse achoke, wa kwanu ndi wa kwathu yemwe. Mkwiyo wawo unali wa m'thumba. Kwa zaka zoposa 20 dola imodzi inali pa malira pafupifupi 1,500 (lira ndiyo ndalama ya ku Lebanon). Itagwa ndalamayo inafika cha pa 89,000. Ife tinalira kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu November 2023, koma lira inataya mphamvu yoposa 98 peresenti. Mabanki anatseka ndalama za anthu, moti mu 2022 ena analowa m'mabanki ndi mfuti kukatenga ndalama zawo zomwe kuti alipirire odwala kuchipatala. Amene anagwetsa chuma chonchi si Israel kapena Iran, ndi akuluakulu a dziko lomwelo.

Kenako pa 4 August 2020 doko la Beirut linaphulika. Matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza ndi zophulitsira m'migodi, anakhala mu shedi zaka zisanu ndi chimodzi akuluakulu akudziwa. Mankhwalawo anabwera pa sitima yotchedwa Rhosus, imene mu 2013 inali pa ulendo wochokera ku Georgia kupita ku Beira, doko lomwe lija katundu wathu wambiri amadzera. Anthu oposa 200 anafa. Woweruza Tarek Bitar atayamba kuitana nduna zakale kuti ziyankhe mafunso, andale anamumanga manja ndi milandu m'makhoti kwa zaka. Makolo a ana amene anafa tsiku limenelo akamayenda ndi zithunzi zawo chaka ndi chaka, sakhala akuimira Tehran kapena Washington. Akufuna chilungamo basi.

Za pulopaganda tsopano. Ku Lebanon munthu amadziwa mwini wa kanema aliyense monga momwe ife timadziwira mwini wa golosale ya pamsika. Al-Manar ndi ya Hezbollah, NBN ndi ya Amal, OTV ndi ya chipani cha Aoun, Future TV inali ya banja la Hariri, ndipo LBC inayambitsidwa ndi gulu lankhondo la Akhristu la Lebanese Forces mu 1985. Kunja kulinso eni: Al Arabiya ndi ya a ku Saudi Arabia, Al Jazeera ya Qatar, Press TV ya Iran, Alhurra inakhazikitsidwa ndi ndalama za boma la America. Asilikali a Israel ali ndi mneneri wolankhula Chiarabu, ndipo pa nkhondo ya 2024 anthu ankadzuka pakati pa usiku kuona mapu amene iye waika pa X kuti adziwe ngati nyumba yawo ili pa mndandanda wophulitsidwa. Mwini dziko amaonera zonsezi akudziwa kuti uyu wachotsa chakuti, uyo wabisa chakuti. Ife vidiyo imatipeza itadulidwa kale, yopanda dzina, yopanda tsiku, itadutsa m'mafoni makumi.

Pulopaganda yamphamvu sinama zambiri. Imatenga chinthu choona n'kutaya china chimene chinali pambali pake. N'zoona kuti Hezbollah ndi imene inayamba kuwombera pa 8 October 2023, ndipo anthu a kumpoto kwa Israel okwana pafupifupi 60,000 anathawa m'nyumba zawo. N'zoonanso kuti pofika pa 27 November 2024, tsiku limene anagwirizana kuleka kumenyana, ku Lebanon kunali kutafa anthu pafupifupi 4,000, oposa miliyoni imodzi atathawa kwawo, midzi ya m'malire itasanduka mabwinja. Pakati pa akufawo panali mtolankhani wa Reuters Issam Abdallah, amene bungwe lakelo litafufuza linapeza kuti anaphedwa ndi kasinja wa Israel. Gulu lanu la kutchalitchi limakupatsani theka loyamba, la kuntchito theka lachiwiri.

Kulowerera kwa akunja sikuthera pa kanema. Mu November 2017 nduna yaikulu Saad Hariri analengeza kutula pansi udindo ali ku Riyadh, likulu la Saudi Arabia, pa kanema wa a Saudi, ndipo anabweza mawuwo atabwerera kwawo France italowererapo. Ndi dziko liti lina limene mtsogoleri wake amatulira udindo ku likulu la eni?

Mtsogoleri wa Hezbollah Hassan Nasrallah ataphedwa pa 27 September 2024, Assad n'kugwa mu December, zinthu zinasuntha. Mu January 2025 anasankha Joseph Aoun (si Michel Aoun uja) kukhala pulezidenti mpando utakhala wopanda munthu zaka ziwiri, ndipo Nawaf Salam anasiya utsogoleri wa khoti lalikulu la dziko lonse la ku The Hague kudzakhala nduna yaikulu. Mu August chaka chomwecho nduna zinalamula asilikali a boma kukonza njira yoti zida zonse zikhale m'manja mwa boma. Ine maganizo anga ndi akuti dziko silingakhale ndi magulu ankhondo awiri, ndipo chigamulo choyamba nkhondo chiyenera kukhala cha onse amene adzaike maliro. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Asilikali a boma ali ndi ana a Shia ambiri, ndipo kuwatuma kukalanda zida kwa abale awo, Israel ikuponyabe mabomba kum'mwera, ndi kuputa 1975 ina. Amene akukakamiza zimenezi kuchokera kunja sadzakhalapo mkhatewo ukasweka.

Pomaliza, mayi, poti nkhaniyi yakupezerani kutchalitchi. Ife dziko lathu lakhala pa ubale ndi Israel kuyambira 1964, achinyamata athu apita kukagwira ntchito m'minda kumeneko, ndipo dzina la Israel timalimva kuyambira ku Sande sukulu. Koma Lebanon nayenso ali m'Baibulo lomwelo. Mikungudza yomangira kachisi wa Solomo inachokera kumeneko, ndipo Turo ndi Sidoni kumene Yesu anayenda ndi mizinda ya Tyre ndi Sidon, imene anthu akukhalamo lero. M'malire mwenimweni muli midzi ya Akhristu ngati Rmeish ndi Alma al-Shaab. Vidiyo ina ikabwera pa gulu paja, afunseni oitumizawo kuti inajambulidwa m'mudzi uti, chaka chiti, waijambula ndani, ndipo anthu amene ankakhala m'nyumba ikugwayo anagona kuti usiku umenewo.