Kodi pa Kindle yakale mungalembepo ngati pa laputopu?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya achemwali ena a ku Area 25, akuti ali pa koleji ndipo batire ya laputopu yawo inafa kalekale, magetsi akangothima nayo imathima pompo. Msuweni wawo wa ku Johannesburg anawatumizira Kindle Paperwhite yakaleko, kachipangizo ka Amazon kowerengera mabuku, ndiye anaona pa YouTube munthu akulembapo ngati ali pa Word. Funso lawo nali: "Kodi ndingaikemo LibreOffice kuti ndizilemba ma assignment usiku kukakhala mdima? Nanga sindiipha?"

Achemwali, tisanapite kulikonse, musanamalize nkomwe kuwerenga izi, tengani Kindle yanuyo muike pa airplane mode. Chifukwa chake ndikuuzani mmusimu.

Zotheka zimatheka ndithu, ine ndinayesapo. Koma LibreOffice yo, pulogalamu yaulere yolembera ngati Word ija, iwalani, ndi ngati kukweza matumba khumi a chimanga pa kabaza.

Kindle mkati mwake ndi kakompyuta kakang'ono koyendera Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows), kungoti a Amazon anakatsekera kuti kazingowerenga mabuku basi. Kutsegula lokoyo ndi komwe amati jailbreak, ndipo njira zake anthu amazifotokoza pa webusaiti ya MobileRead, malingana ndi mtundu wa Kindle komanso nambala ya firmware (pulogalamu yoyendetsa Kindle) yomwe ilimo. Apa ndi pomwe pali nkhani ya airplane mode ija. Kindle ikangonunkhiza Wi-Fi imadzipangira update yokha osakufunsani, ndipo nthawi zambiri update imabwera kudzatseka kabowo komwe anthu amalowera. Mukhoza kugona ili yotheka kutsegula, nkudzuka itatsekeka. Ndiye lowani mu Settings, muone Device Info, mulembe nambala ya firmware ndi zilembo zoyambirira za serial pa kapepala, kenako mufufuze pa foni njira yogwirizana ndi zimenezo. Osangotsatira vidiyo ya munthu amene Kindle yake ndi ina, apo ndi pomwe anthu amaziphera.

Mukatsegula mumaikamo KUAL, kamene ndi ka menyu koyatsira mapulogalamu anuanu, ndipo chinthu choyamba kuchita ndi kutseka ma update aja kuti asadzabwerenso.

Tsopano za ine. Yanga ndi Paperwhite 3 ya 2015, sikirini ya mainchesi 6, RAM yake 512 MB, malo osungira zinthu 4 GB. Pali anthu anakonza njira yoti Alpine Linux, mtundu wina wopepuka wa Linux, iziyenda mkati mwa Kindle momwemo, ndiye ine ndi chidwi changa ndinadaunilodi, bandulo inathera panjira mpaka ndinakagulanso mayunitsi pa okala ya pafupi, fayilo yakenso inadya pafupifupi theka la malo onse. Mmenemo ndinaikamo AbiWord, yomwe ndi pulogalamu yolembera yaulere, ya open source ngati LibreOffice yomweyo koma yopepuka kwambiri. Inatseguka! Ndinali kunyumba ku Kawale magetsi kulibe, kandulo ili patebulo, tsamba loyera la AbiWord lili pa Kindle, ndinamva ngati ndine injiniya wamkulu. Chimwemwe chake sichinafike ola limodzi.

Vuto loyamba ndi sikirini. Ya Kindle, yomwe amati E Ink, si ngati galasi la foni, mkati mwake muli timadontho takuda ndi toyera timene timachita kusuntha kuti chilembo chioneke, ndipo timatenga kanthawi. Ukalemba mawu amabwera mochedwa, iwe uli kale pa liwu lachitatu iyo ikuonetsa loyamba, ukasuntha tsamba zilembo zakale zimatsalira ngati mizukwa mpaka sikirini iphethire yonse. Timabatani ta AbiWord anatipangira mouse, pa mainchesi 6 ndi tating'ono ngati nyerere, ukafuna kudina Save chala chimakagunda china. Kuonjezera apo liwu lililonse la Chichewa linkalembedwa mzere kunsi chifukwa dikishonale yake ndi ya Chingerezi, tsamba lonse mizere yokhayokha, mpaka ndinazimitsa zoona masipelozo.

Ndipo batire imene mumamva kuti imatha masabata ija, imatero chifukwa E Ink imadya moto pokhapokha tsamba likusintha, ukamawerenga kachipangizoka kamakhala ngati kakugona. Koma ukamalemba tsamba limasintha pa chilembo chilichonse, Linux ija nayo ikuthamanga kumbuyo, ndiye masabata aja amasanduka maola. Imaposabe laputopu yanu yakufayo, komanso imadzadza ndi pawabanki wamba kapena kasola kakang'ono, zomwe malaputopu ambiri sangachite.

LibreOffice, imene inatuluka mu OpenOffice mu 2010, ndi yabwino zedi ndipo ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito pa kompyuta, koma ngati AbiWord ikupuma wefuwefu pa 512 MB, nanga mkulu wakeyo?

Chimene ndinaphunzira nchakuti ndinkafunsa funso lolakwika. Usiku wa mdima chomwe munthu umafuna ndi kutulutsa mawu mmutu kuti akhale penapake, za ma font, ma margin ndi manambala a masamba ndi ntchito ya mphindi 20 mawa lake pa kompyuta ya ku laibulale. Ndiye ndinachotsa Alpine yonse nkuika KOReader. Iyi ndi pulogalamu yowerengera mabuku ya open source, imatsegula PDF bwino kuposa ya Amazon, zomwe zikuthandizaninso pa ma notsi a aphunzitsi, koma mkati mwake muli ka text editor kosavuta. Palibe bold, palibe chilichonse, mawu okha, ndipo sikachedwa. Mukamaliza mumalumikiza chingwe cha USB, nkukopera fayiloyo, nkuitsegula mu LibreOffice kapena Word.

Amene akufuna china choposa pamenepo pali WordGrinder ya David Given, yolembera ya mu terminal, yopanda zithunzi ndi timabatani, imawerenga mawu omwe mwalemba komanso imatulutsa fayilo ya ODT imene LibreOffice imatsegula bwinobwino. Pa E Ink zoterezi ndi zimene zimakhala.

Koma mutu weniweni ndi kiyibodi, ndipo ma vidiyo ambiri amadumpha pamenepa. Kulemba ndi chala pa galasi la Kindle ndime imodzi mukhoza kupirira, masamba asanu ayi, pa foni mumalemba msanga kuposa pamenepo. Paperwhite 3 ilibe Bluetooth, ya 2018 ili nayo koma anaipangira mahedifoni omvera mabuku a Audible, kiyibodi siingolumikizika chabe. Njira yomwe inandiyendera ine ndi yokhotakhota: kiyibodi ya USB yomwe ndinagula yakaunjika ku Old Town ndimailumikiza ku foni ya Android ndi kachingwe ka OTG, pa foni pali Termux (app yoyendetsera mapulogalamu a Linux pa foni), foni imayatsa hotspot, kenako Kindle imalowa mu foniyo kudzera pa SSH (njira yolamulira chipangizo china pa netiweki) mu ka pulogalamu kotchedwa kterm, zonse ziwiri nkumaona tsamba limodzi pogwiritsa ntchito pulogalamu ina yotchedwa tmux. Ndiye kuti ntchito ikugwiridwa ndi foni, Kindle yangokhala sikirini. Mnzanga wina ataona zingwe zonsezo patebulo anandifunsa kuti, "Aise, bwanji osangolemba pa foni pomwepo?" Ndinasowa choyankha kupatula chakuti maso sawawa, ndipo pa Kindle sipabwera WhatsApp.

Za kuipha zija, ngozi ilipo koma si yaikulu ngati mwatsatira njira ya mtundu wanu ndendende ndipo batire ili yodzadza poyamba. Warranty pa Kindle yodutsa mmanja awiri palibe yoti mudandaule nayo. Chomwe muyenera kudziwa nchakuti ikafa, anyamata okonza mafoni mtauni muno ambiri sanaitsegulepo, ndiye mudzakhala nokha ndi intaneti.

Ndikanakhala inu achemwali, ndikanayamba ndi kachingwe ka OTG ndi kiyibodi pa foni, muone ngati zikukukwanirani. Kindle muitsegule pa weekend yoti mulibe assignment yodikira, muikemo KOReader, muziwerengerapo ma PDF ndi kulembapo ma notsi. Munditumizire nambala ya firmware ija ndikuuzeni ngati ili yotheka.